Ndikufuna kukaphunzitsa mpira kunja ngati Hervé Renard, ndiyambire pati?

Funso: Ndine mphunzitsi wa timu ya mu ligi ya m'chigawo ndipo ndili ndi layisensi B ya CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa. Ndimasirira Hervé Renard, amene anatenga chikho cha Africa ndi Zambia kenako n'kumaitanidwa dziko ndi dziko. Munthu wina wandiuza kuti akhoza kundipezera timu m'dziko loyandikana nafe, koma akuti ndiyambe ndamutumizira ndalama za mapepala. Kodi Renard zinamuyendera bwanji? Nanga ife a kuno tingathe?

Yankho: A Kochi, ndiyambe ndi chachangu: ndalama ija musatumize. Timu imene ikufunadi mphunzitsi imalemba kalata yokhala ndi chidindo chake, imagula tikiti, ndipo ndiyo imayendetsa za chilolezo chogwirira ntchito. Mphunzitsi salipira kuti alembedwe ntchito.

Kupita kunja mungathe ndithu, ndipo ndikufuna kuti mudzapite. Koma pamene mwatchula Renard, tiyeni timuone yense, chifukwa anthu ambiri amamudziwa kuyambira pa 12 February 2012, usiku wa fainolo ya chikho cha Africa, umene anaima m'mbali mwa bwalo ku Libreville, m'dziko la Gabon, atavala shati yake yoyera ija, Stoppila Sunzu n'kumwetsa penate yomaliza. Tsikulo linamupeza ali ndi zaka 43, ndipo zambiri mwa zaka zake za uphunzitsi anali atazithera kumalo kumene kunalibe kamera.

Anabadwa mu 1968 ku Aix-les-Bains, m'dziko la France. Pa usewera sanamveke kwenikweni. Ankasewera kumbuyo, anakulira ku Cannes, n'kukathera m'matimu ang'onoang'ono a Vallauris ndi Draguignan. Pamene ankayamba kuphunzitsa Draguignan mu 1999, mpira sunkamudyetsa. Ankalawira kukadali mdima kukasesa ndi kutaya zinyalala m'nyumba za anthu, mpaka anatsegula kakampani kake koyeretsa, madzulo n'kupita kubwalo. Inu amene mumaphunzitsa timu ya m'chigawo kwinaku mukusaka ya ndiwo mwa njira zina, moyo umenewu mukuudziwa bwino.

Amene anamutulutsa mmenemo ndi munthu mmodzi, Claude Le Roy, yemwe anatenga chikho cha Africa ndi Cameroon mu 1988. Mu 2002 Le Roy ankafuna womuthandiza ku timu ya Shanghai Cosco ku China, ndipo anatenga Renard. Mu 2004 awiriwa anapezeka ku Cambridge United, timu ya ligi yachinayi ku England, kumene Renard anachotsedwa chaka chisanathe. Anagwirako kanthawi kochepa ku Vietnam, n'kubwerera kwawo kukaphunzitsa Cherbourg mu ligi yachitatu kuyambira 2005 mpaka 2007. Kenako Le Roy, ali mphunzitsi wa Ghana, anamuitananso. Ntchito yake yaikulu kumeneko inali yolimbitsa matupi a osewera. Pa mpikisano wa Africa wa 2008, umene Ghana inathera pa nambala yachitatu pakhomo pake, Renard anali munthu wothamangitsa anyamata ndi kuyala makoni. Ndi kumeneko kumene maso a anthu a mpira wa Africa anamuonera, ndipo mu May chaka chomwecho Kalusha Bwalya, atangosankhidwa kumene kukhala mtsogoleri wa FAZ, bungwe la mpira la Zambia, anamupatsa Chipolopolo, timu ya dzikolo.

Werengani zakazo: kuchokera 1999 kufika 2008, zaka zisanu ndi zinayi, makontinenti atatu, ndipo kawiri konse anavomera kukhala wachiwiri kwa mnzake. Apa ndi pamene aphunzitsi athu ambiri amakanirira. Munthu akangotenga kachikho ka m'boma, mawu oti "wothandizira" amawamva ngati chipongwe. Chonsecho khomo lolowera kunja limatseguka kawirikawiri kwa amene wavomera kunyamula chikwama cha mphunzitsi wamkulu. Renard yemweyo anadzachitira Patrice Beaumelle zimene Le Roy anamuchitira iye. Anayenda naye ku Zambia, ku Angola, ku Ivory Coast ndi ku Morocco, ndipo Beaumelle anadzakhala mphunzitsi wamkulu wa Zambia, kenakonso wa Ivory Coast. Ntchito imeneyi imayenda ndi umboni wa munthu amene anakuonani mukugwira, ndipo umboni wotero sugulidwa ndi ndalama za mapepala.

Ulendo wake woyamba ku Zambia unatha mosakoma kwenikweni. Anafikitsa timu m'ndime ya makotafainolo ku Angola mu 2010, n'kugonja kwa Nigeria pa mapenate, kenako anatula pansi udindo n'kupita kukaphunzitsa Angola yomweyo. Anthu a ku Zambia ambiri zinawawawa. Ku Angola sanathe chaka. Anapita ku USM Alger ku Algeria kumayambiriro kwa 2011, ndipo mu October chaka chomwecho FAZ itachotsa Dario Bonetti, amene anali atapititsa kale timu ku mpikisano wa 2012, inamuitananso Renard. Taonani mbali ziwiri za nkhani imodziyi. Bonetti anachita ntchito imene anamulembera, komabe anachotsedwa. Renard anachoka anthu akudandaula, komabe anabwerera, chifukwa ubale wake ndi Kalusha komanso ndi osewera sanauwononge. Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. M'ntchito ya uphunzitsi anthu ake ndi omwewomwewo, amangosintha mipando.

Chimene anachita bwino ku Zambia ndi choyenera kuchiyang'anitsitsa, chifukwa ndi chimene mlendo aliyense angatengereko. Sanabwere kudzagumula zimene anapeza. Christopher Katongo, Kennedy Mweene, Rainford Kalaba, Isaac Chansa, Joseph Musonda, onsewa anali atasewera limodzi kwa zaka, ambiri a iwo m'matimu a mu Africa momwemuno. Iye anawonjezera mphamvu za thupi, dongosolo lotchinga kumbuyo, ndi mwambo. Mpikisano wa 2012 uli m'kati anabweza kumudzi Clifford Mulenga chifukwa chophwanya malamulo a kukampu. Mlendo kuti achite zotero n'kukhalabe pa ntchito, amafunika kuti akuluakulu a bungwe akhale kumbuyo kwake, ndipo osewera akhale ataona kale kuti lamulo lake silisankha nkhope.

Chachiwiri, anadziwa cholemera chimene dziko lija linasenza. Pa 27 April 1993 ndege yonyamula timu ya Zambia inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, n'kupha anthu onse 30, mwa iwo osewera 18. Masewero omaliza a 2012 anali mumzinda womwewo. Asanakumane ndi Ivory Coast ya Didier Drogba ndi Yaya Touré, timu yonse inapita kugombe kukaika maluwa. Renard nkhaniyi sanaitenge ngati yake, koma sanainyalanyazenso ngati kuti ndi za eni ake zosamukhudza. Atapambana 8-7 pa mapenate, ananyamula Musonda, amene anavulala kumayambiriro kwa masewero, kupita naye kumene anzake ankasangalalira. Zoterezi sizilembedwa m'buku la kosi iliyonse. Mukadzafika kwa eni, funsani mbiri ya timu: anaiyambitsa ndani, masapota ake ndi anthu otani, ndi timu iti imene sakhululuka mukagonja nayo, ndi maliro ati amene sanawaiwale.

Tsopano mbali imene osirira sakonda kuimva. Renard analephera kangapo, ngakhale kwawo komwe ku France. Mu 2013 Zambia inatuluka m'ndime yamagulu itafanana mphamvu masewero onse atatu. Mu October chaka chomwecho anapita ku timu ya Sochaux ku France, anakokerako Sunzu ndi Nathan Sinkala, koma timu inatsika ligi pa tsiku lomaliza. Anatenga Ivory Coast mu 2014 n'kupambana nayo chikho mu February 2015, atagonjetsa Ghana 9-8 pa mapenate, n'kukhala mphunzitsi woyamba kutenga chikhochi ndi mayiko awiri osiyana. Miyezi yochepa chabe pambuyo pake, timu ya Lille ya ku France inamulemba ntchito n'kumuchotsa mu November atatsogolera masewero 13 okha a ligi. Munthu wa zikho ziwiri za Africa, miyezi isanu ndi umodzi yosakwana.

Ine ndimaona kuti apa pali phunziro la kudzidziwa. Kuphunzitsa timu ya dziko ndi kuphunzitsa kalabu ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ku timu ya dziko osewera mumakhala nawo masiku ochepa, choncho chofunika ndi kusankha bwino, kufotokoza zochepa zomveka, ndi kuyatsa mitima. Mawu amene Renard analankhula kwa anyamata a Saudi Arabia pa nthawi yopumulira, tsiku limene anagonjetsa Argentina 2-1 ku World Cup pa 22 November 2022, anafalikira dziko lonse chifukwa luso lake lagona pamenepo. Ku kalabu mumaonana ndi anthu omwewo tsiku ndi tsiku kwa miyezi khumi, mumalimbana ndi za kugula ndi kugulitsa osewera, ndiponso mwini timu amakhala pafupi. Atachoka ku Lille, Renard anatsata kumene amatha: Morocco kuyambira 2016, imene anaipititsa ku World Cup ya 2018 patatha zaka 20, Saudi Arabia kuyambira 2019, timu ya amayi ya France mu 2023, n'kubwereranso ku Saudi Arabia mu October 2024. Inu dzifunseni msanga kuti luso lanu lenileni lili pati. Mwina ndi kukuza ana, mwina ndi kukonza otchinga kumbuyo, mwina ndi kusanthula masewero pa vidiyo. Kunja amalemba munthu amene ali ndi chinthu chimodzi chooneka chimene eni ake akuchisowa.

Ndikhala wosalungama ndikakuuzani kuti njira ya Renard ndi yotseguka kwa inu chimodzimodzi. Iye anali ndi pasipoti ya France, mapepala a uphunzitsi a ku Ulaya, ndi Chifalansa chimene chimalankhulidwa m'mayiko ambiri a mpira wamphamvu mu Africa. Analinso ndi mwayi umene umandipweteka kuunena: mabungwe ndi makalabu ambiri a kuno kwathu amakhulupirira mzungu msanga kuposa mwana wa mu Africa wa maphunziro ofanana. Stephen Keshi wa ku Nigeria anapititsa Togo ku World Cup ya 2006 koyamba m'mbiri yake, koma anachotsedwa mpikisanowo usanayambe, ndipo amene anakakhala pa benchi ku Germany anali mzungu, Otto Pfister. Keshi nkhani imeneyi ankaidandaula poyera mpaka kumapeto kwa moyo wake. Zinthu zikusintha, pakuti Aliou Cissé anatenga chikho ndi dziko lake la Senegal ndipo Walid Regragui anafikitsa dziko lake la Morocco m'masemifainolo a World Cup mu 2022, koma sizinasinthe mokwanira.

Chifukwa chake muziyang'ananso anthu amene anayambira pafupi ndi pamene mwaima. Kinnah Phiri anafikitsa Bakili Bullets m'ndime yamagulu ya CAF Champions League mu 2004, ndipo anali ku Free State Stars ku South Africa pamene ankaitanidwa kudzatenga Flames mu 2008, timu imene anapita nayo ku Angola n'kukakwapula Algeria 3-0 mu 2010. Pambuyo pake anakaphunzitsanso Mbeya City ku Tanzania. Kalisto Pasuwa anatenga ligi ya Zimbabwe kanayi motsatizana ndi Dynamos, kuyambira 2011 mpaka 2014, anapita ndi dziko lake ku mpikisano wa Africa wa 2017, ndipo atafika ku Bullets mu 2018 anali mlendo wobwera ndi zikho m'manja. Wedson Nyirenda wa ku Zambia anapatsa Baroka ya ku South Africa chikho cha Telkom Knockout mu 2018. Pitso Mosimane wa ku South Africa anayamba watenga ligi ya kwawo kasanu ndi Mamelodi Sundowns, komanso Champions League mu 2016, Al Ahly ya ku Egypt isanamuitane mu 2020. Onsewa chinawatumiza kunja ndi chimene anachita pakhomo, makamaka m'mipikisano ya CAF ndi ya COSAFA, bungwe la mpira la mayiko a kummwera kwa Africa, kumene akunja amaonera. Timu ya m'chigawo, ngakhale muichite bwino chotani, akunja saiona. Sitepe yanu yotsatira ndi ligi yaikulu ya kwanu, ngakhale mutalowamo ngati wachiwiri, kapena timu ya dziko ya achinyamata.

Za layisensi ndinene mwachidule. Makwerero a CAF amayambira pa D, kenako C, B, A, n'kuthera pa Pro. Kuti mukhale pa benchi ngati mphunzitsi wamkulu m'mipikisano ya makalabu ya CAF pamafunika A, ndipo maligi akuluakulu ambiri m'mayiko otizungulira amatsata muyezo womwewo. Ndi B yanuyo, ntchito imene mungaipeze kunja mwachilungamo ndi ya wothandizira kapena ya achinyamata. Munthu akamakulonjezani ukochi waukulu mu ligi yapamwamba ya dziko lina muli ndi B, ndiye kuti malamulo sakuwadziwa kapena akukunamizani. Pitani ku FAM mukafunse za kosi ya A yotsatira, ndipo ndalama zimene mumati mutumizezo zisungireni imeneyo.

Tifike pa kontrakiti, pakuti apa ndi pamene ndaona anthu akulira kwambiri. Mphunzitsi wakunja amalandiridwa pa bwalo la ndege ndi nyimbo, koma masewero anayi akangovuta, foni za akuluakulu zimasiya kuyankhidwa. Tsiku limenelo mnzanu ndi pepala lokha.

Kuyambira mu January 2021, malamulo a FIFA ali ndi gawo lapadera loteteza aphunzitsi amene akugwira ntchito m'dziko losakhala lawo. Lidziweni ngati mmene mumadziwira malamulo a ofusayidi. Kontrakiti iyenera kukhala yolembedwa, yotchula ntchito yanu, malipiro, nthawi yake, ndi siginecha za mbali zonse ziwiri. Timu singanene kuti mgwirizano wafa chifukwa chilolezo chogwirira ntchito sichinatuluke kapena chifukwa layisensi yanu ndi yochepa, pakuti zimenezo inayenera kuzifufuza isanasaine. Ikakhala miyezi iwiri osakulipirani, muli ndi ufulu wothetsa mgwirizano, koma pokhapokha mutayamba mwailembera kalata yoipatsa masiku osachepera 15 kuti ilipire zonse. Ambiri amagwera pamenepa. Munthu amakwiya, n'kulongedza, n'kukwera basi osalemba kalata, ndipo mawa lake timu imanena kuti wathawa ntchito. Mlandu umene unali wake umasanduka womutsutsa.

Timu ikakuchotsani popanda chifukwa chomveka, poyambira kuwerengera chipukutamisozi ndi ndalama zonse zotsala pa kontrakiti, ndipo mukapeza ntchito ina m'nthawi yomweyo amachotserako zimene mukulandira kumeneko. Kugonja masewero pakokha sikutengedwa ngati chifukwa chokwanira chothamangitsira munthu chimanjamanja. Dandaulo limapita ku bwalo la FIFA lotchedwa Football Tribunal, mphunzitsi salipira kuti mlandu wake umvedwe, koma liyenera kufika zisanathe zaka ziwiri chichitikireni nkhaniyo. Timu ikalamulidwa kulipira n'kukana, imaletsedwa kulembetsa osewera atsopano, ndipo chilango chimenechi ndi chimene chimatsegula zikwama za eni matimu. Wosakhutira ndi chigamulo amakachita apilo ku khothi la zamasewero la CAS ku Lausanne, m'dziko la Switzerland.

Pali misampha iwiri imene ndikufuna muiyang'anitsitse musanasaine. Woyamba ndi dzina la ntchito. Chitetezo ndafotokozachi ndi cha munthu amene ntchito yake ndi kuphunzitsa osewera, kusankha timu ndi kukonza kaseweredwe. Timu zina zimalemba munthu ngati "mlangizi" kapena mkulu wa zaukadaulo pofuna kuzemba lamulo la layisensi, ndipo zikavuta FIFA ikhoza kunena kuti mlanduwo si wake. Pepala linene kuti ndinu mphunzitsi, ndipo litchule ntchito zimene muzigwira. Wachiwiri ndi ndime imene imanena kumene mikangano idzaweruzidwire. Ikanena kuti ndi kukhothi la m'dziko lomwelo, mudzapezeka mukulimbana ndi mwini timu pabwalo la kwawo, inu muli kutali ndipo ndalama za loya mulibe. Pezani loya wodziwa za masewero awerenge musanaike dzina. Ngati kontrakiti ili m'Chipwitikizi, m'Chiswahili kapena m'Chifalansa, pemphani ina m'chinenero chimene mumamva, ndipo ilembedwe kuti yotsatidwa ndi iti zikasiyana.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera ang'onoang'ono okha. Mosimane anapatsa Al Ahly zikho ziwiri za Champions League, mu 2020 ndi 2021, ndipo atagonja mu fainolo ya 2022 kwa Wydad ya ku Morocco anasiyana nayo. Anakweza Al-Ahli ya ku Jeddah kubwerera mu ligi yaikulu ya Saudi Arabia mu 2023, koma sanapitirize nayo. Ku Esteghlal ya ku Iran anachoka kumayambiriro kwa 2025 pa nkhani ya malipiro osaperekedwa. Chomwe chimamuteteza ndi choti amayenda ndi gulu lake la omuthandiza ndipo ali ndi anthu oyendetsa za makontrakiti ake. Ngati munthu wa msinkhu umenewo amafunika chitetezo chotere, kuli bwanji inu ndi ine.

Chilolezo chogwirira ntchito musachitenge mopepuka, ngakhale FIFA imati kontrakiti siifa nacho. FIFA ikhoza kukupezerani ndalama zanu pambuyo pake, koma singaletse a zolowa ndi kutuluka kukutulutsani m'dziko. Tom Saintfiet wa ku Belgium, amene anadzaphunzitsako Flames mu 2013, analembedwa ntchito ndi bungwe la mpira la Zimbabwe mu 2010, anayamba kuphunzitsa chilolezo chisanatuluke, ndipo analamulidwa kutuluka m'dzikomo asanatsogolere masewero ngakhale amodzi. Ameneyo anaitanidwa ndi bungwe la dziko lenileni. Kulowa m'dziko loyandikana nalo popanda viza ngati mlendo wodzacheza ndi nkhani ina, kugwiramo ntchito ndi nkhani inanso. Musaimbe wezulo pabwalo chidindo chisanalowe m'pasipoti.

Pa ndalama, musangomva chiwerengero n'kuchisintha m'makwacha m'mutu. Funsani kuti muzilandira m'ndalama yanji, msonkho akulipira ndani, ndipo mudzatumiza bwanji kumudzi. Nyumba, galimoto, chipatala, tikiti yobwerera ndi mabonasi zilembedwe chimodzichimodzi. Pemphani kuti gawo lina aperekeretu posaina, chifukwa timu imene ikulephera kupereka mwezi woyamba sidzatha kupereka wachisanu. Malipiro azidzera ku banki kuti pakhale umboni, ndipo pasipoti yanu musapatse munthu kuti akusungireni. Ngati muli pa ntchito ina yokhazikika, monga ya uphunzitsi wa sukulu kapena ya boma, pemphani tchuthi chosalipidwa m'malo motula pansi. Banja lisiyeni kaye kumudzi mpaka muone mmene zinthu zikuyendera, ndipo mayi a kunyumba adziwe zonse zili m'kontrakiti, chifukwa miyezi imene malipiro achedwa ndi iwo amene amayang'anizana ndi eni nyumba ndi a fizi. Dziko lenilenilo likhozanso kusintha muli momwemo. Florent Ibenge wa ku DR Congo anali mphunzitsi wa Al Hilal ku Sudan pamene nkhondo inabuka mu April 2023, ndipo timuyo inakathera kusewera mu ligi ya Mauritania.

M'chipinda chovalira, munthu wofunika kwambiri kwa inu adzakhala wothandizira wa komweko. Kawirikawiri ameneyo ndi amene ankayembekezera mpando umene mwakhalapowo. Mukamunyoza, mawu anu adzafika kwa osewera atapindika, ndipo za m'kati mwa timu zizimveka pa wailesi musanafike kunyumba. Mpatseni ntchito yeniyeni, mutchuleni pamaso pa atolankhani zikayenda bwino, mufunseni za osewera musanagamule. Phunzirani chinenero, ngakhale mawu a pabwalo okha ndi moni. Ife tili ndi mwayi pamenepa: ku Zambia Chinyanja chimakufikitsani patali, ku Tete chimodzimodzi, Chishona ndi Chiswahili sizitenga nthawi kwa munthu wa Chichewa. Lemekezani za chipembedzo. Kumene osewera ambiri ndi Asilamu, mwezi wa Ramadan umasintha nthawi ya maphunziro ndi ya chakudya, ndipo mphunzitsi wanzeru amakonzeratu. Mudzakumananso ndi zikhulupiriro za timu pa tsiku la masewero, zina zoti simugwirizana nazo. Nenani maganizo anu kwa akuluakulu muli awiri, osati pamaso pa osewera sabata yoyamba. Komanso musathamangire kubweretsa osewera a kwanu. Mmodzi akalephera, kulephera kwake kumawerengedwa pa mutu panu kawiri.

Pamene mukudikira, konzani zimene wakunja angaone. Jambulani masewero ndi maphunziro anu pa vidiyo, ngakhale ndi foni. Sungani mabuku a mapulani a maphunziro, zotsatira za nyengo iliyonse, ndi mayina a osewera amene munawakuza n'kufika mu ligi yaikulu kapena m'timu ya dziko. Mphunzitsi wakunja akabwera kudzagwira ntchito kwathu kuno, pemphani kuti muzikaonerera maphunziro ake, muzimuthandiza ngakhale kwaulere. Kumakosi a CAF ndi kumipikisano ya COSAFA muzicheza ndi anzanu a mayiko ena n'kusunga ubalewo. Le Roy wanu adzachokera m'gulu limenelo.

Munthu wakulonjezani timuyo mufunseni zinthu izi. Atchule dzina la timu ndi la mkulu amene walankhula naye. Akuonetseni layisensi yake ya FIFA, pakuti kuyambira 2023 ejenti woimira wosewera kapena mphunzitsi amayenera kukhala nayo, ndipo dzina lake likhoza kufufuzidwa. Akupatseni kalata yochokera ku timuyo yotchula dzina lanu ndi ntchito imene akukufunirani. Kenako inuyo imbirani timuyo pa nambala imene mwaipeza nokha, ndipo pemphani a FAM afunse ku bungwe la mpira la dzikolo ngati timuyo ikufunadi mphunzitsi komanso ngati ilibe ngongole za aphunzitsi akale. Ejenti weniweni amasainirana nanu mgwirizano wolembedwa, ndipo gawo lake amalandira ntchito itapezeka, kuchokera pa malipiro amene mwayamba kulandira. Akayankha zonsezi bwinobwino, tengani kontrakitiyo mupite nayo kwa loya. Akayamba kukufulumizitsani kuti mwayi utha mawa, mulekeni, inu kalembetseni kosi ya A.